Pusi wa Malemu Makhuwira

Mukafika pa Luchenza lero n'kufunsa za a Makhuwira okhoma zidebe, ndi achikulire okha amene angakulozereni pamene panali shedi yawo. Ine ndinakhala nawo moyandikana zaka khumi ndi zinayi, mpanda wa nkhadze ndiwo unkatilekanitsa. Zimene ndikuuzenizi sindinazitole pamjigo kapena kuchigayo. Anandiuza ndi akazi awo, mayi Felesiya Makhuwira, ndipo iwo sanali munthu wothira mchere pankhani.

Banja lija linalibe mwana. Abale a mwamuna analankhula zonse zimene abale amalankhula, mpaka anakawapezera mkazi wina ku Thekerani. A Makhuwira anakana. Koma chifukwa chokanira sanauze munthu, ngakhale akazi awo omwe. Anali bambo wouma pakamwa. Mukadutsa pakhomo paja madzulo, chomwe munkamva ndi wailesi basi.

Tsiku lina a Makhuwira anabwera kuchokera kumsika ali ndi kamwana ka pusi wakutchire m'thumba la jekete. Make anali ataphedwa m'munda wa chimanga, ndipo munthu wina anakamanga ndi luzi panjinga n'kumayenda nako. A Makhuwira anamupatsa munthuyo mbaula yatsopano, iwo n'kutenga kapusiko. Anakatcha Kapitawo, chifukwa kankakonda kukhala pamwamba pa mulu wa malata n'kumayang'anira ntchito ngati kapitawo wa kuesiteti ya tiyi.

Kuyambira pamenepo munthu wosayankhula uja anayamba kuyankhula. Tsiku lonse mumamva, "Kapitawo, patse msomali. Kapitawo, usiye zimenezo, n'zamwini." Nthawi zina ankaseka kumene. Akaweruka ankakhala pampando wa pakhonde, pusi n'kukwera paphewa la kumanzere n'kumawasanthula imvi ngati akufuna nsabwe. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka phewa limenelo linazolowera kutsika.

Mayi Felesiya ankampatsa pusiyo chakudya, koma sankamukonda. Anandiuzapo tsiku lina tikuyanika zovala kuti, "Zaka zonsezi ndinkayesa bambo alibe mawu. Kani mawu analipo, amangosowa wowauza."

A Makhuwira anamwalira mu Febuluwale, atadwala chifuwa masabata awiri okha. Maliro atatha, abale anatenga zipangizo za m'shedi. Kanatsala kanyundo kamodzi kamene kanagwera kuseri kwa chitseko, komanso pusi, yemwe palibe ankamufuna.

Choyamba chimene mayi Felesiya anaona chinali chaching'ono. Dzuwa likapendeka, Kapitawo ankakwera pachotsamira cha mpando uja n'kuyamba kuyendetsa timanja take m'malere, pamene pakanakhala mutu wa munthu wokhala pansi. Ankatola kanthu, n'kukayang'ana, n'kuika mkamwa. Iwo anati n'chizolowezi, nyama nayonso imalira maliro.

Kenaka kunabwera kugogoda. Nthawi ikakwana cha m'ma 3 masana, m'shedi mopanda kanthu muja munkamveka chitsulo chikumenyedwa: katatu, n'kupuma, katatu, n'kupuma. Ineyo ndinakumvapo kamodzi ndikusenda mbatata pakhonde langa. Ndinadziuza kuti ndi lata lomasuka likuwombedwa ndi mphepo, n'kulowa m'nyumba. Mphepo kunalibe tsiku limenelo.

M'mawa wina mayi Felesiya anapeza poto wawo wakale, wobooka pansi, amene anamutaya kuseri kwa khitchini, ali pathandala, ali ndi chigamba chatsopano. M'khitchinimo munkamveka fungo la makala ndi mtovu wosungunuka.

Apa mantha anawagwira zenizeni. Anaitana amayi a kumpingo, tinapita, tinaimba, tinapemphera. Kunakhala bata masiku awiri, lachitatu kugogoda kunayambiranso. Ndiye tsiku lina anamva pawailesi kuti kusunga nyama yakutchire pakhomo n'kosaloledwa, ndipo kuli malo otchedwa Mlindanyama kumene amalandira nyama zoterozo n'kuziphunzitsa kubwerera kutchire. Analemba nambala pachikuto cha buku la nyimbo, naimba okha.

Anthu a kumaloko anabwera mu Epulo pagalimoto yoyera, ali ndi bokosi lamabowo. Tonse tinkayesa pusi avuta, koma analowa yekha. Sanayang'ane mayi Felesiya. Maso ake anali pambali pa bokosilo, pamene panalibe munthu. Galimoto itatuluka, kageti ka pampanda kanatseguka pang'ono n'kudzitseka.

Sabata yoyamba mayi Felesiya anagona tulo tabwino. Sabata yachiwiri anadzipeza atasiya ntchito cha m'ma 3 n'kumatchera khutu. Kunali zii. Anapita kuseri kwa chitseko kukafuna kanyundo kaja, sanakapeze. Anasesa nyumba yonse, anasuntha bedi, osakapeza. Mpando wa pakhonde unayamba kuchita fumbi. Anandiuza kuti anayamba kuzimitsa wailesi kuti mwina ikubisa phokoso lina, koma akazimitsa ankangomva kupuma kwawo komwe.

"Pamaliro paja sindinaferedwe," anatero. "Ndinaferedwa tsiku limene galimoto ija inatuluka. Ndipo ndinaiitana ndekha."

Mu Juni, Lachiwiri lina, anavala juzi ziwiri, anaika nthochi ndi mtedza m'chikwama, nanyamuka. Linali tsiku la chiperoni, la nkhungu ndi mvula yowaza. Anakwera maminibasi awiri, ndipo yachiwiriyo inawatsitsa pamphambano pamene panali chikwangwani chofufuma chojambulidwa ngaka. Akabaza kunalibe chifukwa cha matope. Mayi wina wogulitsa zigumu pansi pa ambulera anawalozera msewu wafumbi wolowera kumapiri.

"Kwa anyani n'komweko. Mukadutsa kamlatho ka matabwa muzingopita. Muli nokha?"

"Ndili ndekha."

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuvundikira zigumu zake.

Anayenda m'mbali mwa minda ya tiyi pafupifupi ola lathunthu osakumana ndi munthu. Nkhungu inkabwera n'kupita. Tiyi atatha kunayamba mitengo yachilengedwe, italiitali, yodontha madzi. Atafika pakamlatho kaja anaona kutsidya kwaima munthu wamwamuna, wavala jekete lotuwa, wafulatira. Anaima ngati wodikira wina. Iwo atangoponda thabwa loyamba, munthuyo anayamba kuyenda.

"Zikomo kutsogoloko," anaitana mayi Felesiya. "Njira ya kwa anyani ndi yomweyi?"

Sanatembenuke. Anangopitiriza kuyenda, osafulumira. Iwo anawonjezera liwiro kuti amupeze, koma mtunda wa pakati pawo sunachepe. Atatopa n'kuima kuti apume, naye anaima. Nkhungu inkamuphimba kuyambira m'chiuno kutsika, ndipo chimene ankachiona bwino ndi msana ndi mapewa. Phewa la kumanzere linali lotsika.

Ndinawafunsa ngati anayang'ana m'matope kuti aone mapazi ake. Anati ayi. "Ndinkadziwa kuti ndikayang'ana pansi ndibwerera. Ndiye ndinkangoyang'ana jekete."

Panali pena pamene msewu unagawikana, popanda chikwangwani. Munthuyo anatenga wa kumanzere, iwo n'kutsatira. Patapita kanthawi anatulukira pageti lalikulu la waya, lomangidwa ndi tcheni. Kutsogolo kwawo kunalibe aliyense.

Anagogoda. Anatuluka bambo wina wa imvi zapatalipatali, wavala jombo ndi chipewa chobiriwira. Anati dzina lake ndi Mulipa, mmodzi wa osamalira nyama. Anati anzake anapita kutauni dzulo ndi dokotala wa nyama, ndipo ndi nyengo yotereyi sankayembekezera mlendo.

"Nanga bambo alowa patsogolo pangawa?"

"Bambo ati? Tcheni iyi ndikumasula koyamba chitsekere dzulo."

Anawalowetsa m'kanyumba ka pageti n'kuwapatsa buku la alendo. Atalemba dzina, a Mulipa analitembenuza bukulo n'kuwerenga. Kenaka anadzutsa mutu.

"Makhuwira wa ku Luchenza? Ndinu amayi munatipatsa pusi wamphongo uja?"

"Ndine. Ali moyo?"

"Ali moyo, ndipo wanenepa." A Mulipa anatseka buku. "Takhala tikuuzana kuti tikuimbireni foni. Koma aliyense amasowa poyambira."

Anatenga ndodo yawo n'kunena kuti ayambe aona nyama zina, popeza njira ya kwa apusi imadutsa komweko.

Malowo anali aakulu, nkhalango yeniyeni yogawidwa ndi mipanda ya waya. A Mulipa ankayenda patsogolo n'kumafotokoza ndi mawu otsika, mmene anazolowera kufotokozera ana asukulu. Uyu ndi gwape, mwendo wachinayi unatsala mumsampha wa waya. Uyu ndi kadzidzi, anthu anamugenda padenga la tchalitchi, phiko silinalunzike. Anawaonetsa nungu ziwiri zimene zinapezeka m'thumba pabasi, ndi fisi wokalamba wa diso limodzi yemwe anakulira m'khola la simenti kwa munthu wina wolemera ndipo sadzathanso kusaka. Za ngaka anati ilipo imodzi, koma sionetsedwa kwa aliyense, imafa ndi mantha.

"Zambiri zimabwerera kutchire," anatero. "Zina, ngati fisiyu, zidzafera konkuno. Palibe inabwera kuno mwakufuna kwake. Iliyonse ili ndi kumene inachotsedwa."

Mayi Felesiya anati chimene chinawakhudza n'chakuti nyama zonsezo zinali chete. Mvula yowaza inkagwa pamasamba, ndipo gwape uja anawatsatira ndi maso mpaka anakhota.

Asanafike kwa apusi, a Mulipa anaima pakanyumba kosungiramo zakudya za nyama, natsegula.

"Amayi, taonani izi. Mwina inu mungatiuze."

Pakhoma panali popachika zidebe ndi mabeseni achitsulo, mwina khumi ndi awiri. Chilichonse chinali ndi chigamba. Mayi Felesiya anatsitsa chidebe chimodzi n'kuchitembenuza. M'mphepete mwa chigambacho munali mopindidwa kawiri, ndipo misomali inali itatu, yokhala ngati mafuwa. Pa Luchenza ponse munthu wokhoma chigamba motero anali mmodzi.

Anakhala pansi pathumba la chimanga, chidebe chili pamiyendo.

"Kuno tilibe mmisiri," anatero a Mulipa. "Chidebe chikabooka timachiponya kuseri uko. Chibwerere pusi wanu, tikachiponya chimasowa. Pakapita masiku awiri timachipeza chitakolekedwa pampanda wa apusi, chili chonchi. Poyamba tinkanamizirana, wina kumati ndi uje akuseweretsa anzake. Kenaka tinayamba kumva kukhoma masana. Mlonda mmodzi anasiya ntchito. Mayi amene amadula zipatso safika kumeneko dzuwa likapendeka." Anakanda kuseri kwa khutu. "Amuna anu ankagwira ntchito yanji?"

"Mwaiona kale ntchito yawo."

A Mulipa anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Sanatilakwire kanthu. Sindinganame. Koma pali vuto. Pusi woleredwa ndi anthu amayenera kuiwala anthu, alowe m'gulu la anzake, aphunzire chodya ndi chothawa. Gulu ili tikukalisiya kunkhalango yakutali mu Seputembala. Enawo agwirizana, amagona pamodzi. Wanuyu amakhala payekha, ndipo anzake amamulambalala. Pusi wayekha kutchire satha mwezi." Anayang'ana kumene kunali khola la apusi. "Chinanso n'chakuti chibwerere sanalirepo. Lero m'mawa, cha m'ma 9, wayamba kulira ngati akumupha, kuthamanga m'mbali mwa waya uku ndi uku. Wasiya pamene inu mumagogoda pageti."

Mayi Felesiya anawerengera mumtima. Cha m'ma 9 ndi pamene ankatsika minibasi pamphambano.

Khola la apusi linali lalikulu ngati bwalo la mpira, mitengo ili momwemo. Kumbali ya njira anamangako chotchinga cha bango chokhala ndi timabowo toonerapo. A Mulipa anawauza kuti nthochi ndi mtedza zisatuluke m'chikwama, ndipo asalankhule, pusi asamve mawu awo.

Mayi Felesiya anaika diso pabowo. Apusi khumi anali ataunjikana pamtengo umodzi, atakumbatirana chifukwa cha kuzizira. Kapitawo anali kutali nawo, pachipika chogona pansi. Anali atakula, ubweya ukuwala. Anakhala chopendekeka, atatsamira chinthu chimene panalibe, mmene munthu sungakhalire osagwa. Chipika chonsecho chinali chakuda ndi madzi, kupatula malo a pambali pake, okwana munthu mmodzi kukhalapo. Pamenepo panali pouma.

Kapusi kena kanatsika mumtengo kupita kumene kunali chakudya. Njira yachidule inali yodutsa pachipikapo, koma kanazungulira patali, mchira uli m'mwamba, maso ali pamalo ouma aja.

Mayi Felesiya anaima pamenepo nthawi yaitali, mpaka mwendo unachita dzanzi. Ndiye kukhoma kunayamba. Katatu, n'kupuma. Katatu, n'kupuma. Sikunkachokera pachipika kapena kuseri kwa mitengo. Mayi Felesiya anati kunkamveka ngati mmene kunkamvekera iwo ali kukhitchini kwawo, shedi ili kuseri kwa khoma.

Anaiwala zimene anauzidwa.

"Bambo," anatero.

Kukhoma kunasiya. Apusi onse khumi anadzutsa mitu. Sanayang'ane kuchotchinga kumene kunachokera mawu, anayang'ana pachipika. Kenaka mitu yonse inayamba kutembenuka pamodzi, pang'onopang'ono, ngati ikutsatira munthu amene akuyenda kudutsa pakati pa khola kubwera kuwaya. Udzu wonyowa unkagona n'kudzuka. Mayi Felesiya anachotsa diso pabowo. Bango linalira pang'ono ngati wina walitsamira kuseri, ndipo fungo la makala linawafika m'mphuno.

A Mulipa anali atabwerera m'mbuyo mapazi angapo, chipewa chili m'manja.

Mayi Felesiya anati pakamwa panatseguka pokha.

"Ndine ndinaimba foni, bambo. Musaganize kuti anatineneza anthu. Ndinkaopa. Munkabwera osanena, ndiye ine ndikanadziwa bwanji kuti mwabwera ndi mtendere?" Anasendera pafupi ndi bango. "Kunyumba kulibe munthu. Denga la kukhitchini layamba kudontha. Tiyeni tizipita."

Madzi ankangodontha m'mitengo.

Anatembenukira kwa a Mulipa. "Ndipatseni pusiyo ndibwerere naye. Ndidzamusamala. Sindidzaimbanso foni."

"Zimenezo sindingathe, amayi. Lamulo silindilola, komanso wayamba kudya zipatso zakutchire, wayamba kudziwa kulira kwa chiwombankhanga. Tikamubwezera patcheni ndiye kuti tamupha ndife." Anayang'ana kuchotchinga, n'kutsitsa mawu. "Koma bambowo si a m'buku lathu. Ngati angakutsatireni, atengeni. Zingathandize inu, zingathandizenso pusiyo."

Ananyamuka nthawi itadutsa 4, kuti akapeze minibasi kusanade. Kuchokera pakhola la apusi, pamiyala ya m'njira pankamveka mapazi a anthu atatu. A Mulipa sanatembenuke ngakhale kamodzi. Pageti anamasula tcheni, mayi Felesiya anatuluka, koma iwo anagwirabe getilo kanthawi, maso ali pansi, kenaka n'kutseka.

"Muyende bwino," anatero. Sizinadziwike kuti akuuza angati.

Mumsewu mapazi aja anali kumbuyo kwawo, chakumanzere pang'ono. Sanali olemera. Ankamveka ngati a munthu wovala nsapato zakutha, woyenda mosathamangira kanthu. Atayenda pang'ono, mayi Felesiya anazindikira kuti chikwama chapepuka. Lamba anali paphewa pomwepo, koma kulemera kunalibe, ngati wina wachigwirira pansi.

Ndipo anayamba kuyankhula. Anati sakudziwa kumene mawu ankachokera. Anafotokoza za amene anamwalira pa Luchenza chichokere iwo, za mtengo wa mapeyala umene unabereka kwambiri chaka chino. Kenaka anafika pazimene sanazinenepo zaka makumi atatu. Ananena za tsiku limene anachokera kuchipatala atauzidwa kuti sadzabereka, mmene anakhalira pasiteji mpaka madzulo kuopa kufika kunyumba. Ananena za mkazi wa ku Thekerani, kuti anamuonapo kamodzi pamaliro, anali wokongola, ndipo usiku umenewo iwo anali atalongedza kale zovala zawo.

"Munakaniranji, bambo? Mukanandiuza. Ine ndakhala zaka zonsezi osadziwa ngati munakhala nane chifukwa chondifuna kapena chifukwa cha chisoni."

Mapazi anapitiriza kuyenda. Koma anati anasendera pafupi, mpaka mbali ya kumanzere ya thupi lawo inasiya kumva mphepo.

Ndi pamene anamva kulira. Kunkachokera kutali kumbuyo, kudutsa m'nkhalango yonse ija, kowonda, kosalekeza. Anakudziwa. Ndi mmene Kapitawo ankalirira ali kakhanda, a Makhuwira akamusiya kupita kumsika. Mapazi anazengereza, n'kupitiriza. Kulira kunakula. Mapazi anazengerezanso.

Mayi Felesiya anayamba kuyankhula mokweza kuti akuphimbe. Ananena za chilichonse chimene chinabwera m'mutu, za mbewu, za kwaya, za mpando umene adzaupukuta akangofika. Anafulumira. Msewu unatsetsereka, ndipo anamva madzi a kamtsinje.

Ataponda thabwa loyamba la kamlatho, chikwama chinalemera mwadzidzidzi mpaka anapepesuka. Anawoloka. Matabwa analira ndi mapazi awo okha. Kutsidya anaima, osatembenuka.

"Tiyeni, bambo. Kwatsala pang'ono."

Kumbuyo kunali chete. Anadziwa kuti alipo, ataima pamene msewu umakumana ndi mlatho. Anadziwanso chimene chinachitika. A Makhuwira sanali kupita nawo kunyumba. Anawachingamira m'mawa, tsopano awaperekeza, mmene munthu waulemu amachitira ndi mlendo amene wabwera kudzamuona.

Anandiuza kuti akanatha kuchonderera. Akanagwada m'matope momwemo, ndipo akukhulupirira kuti a Makhuwira akanawoloka, chifukwa moyo wawo wonse sanawakanizepo chinthu chimene anachita kupempha ndi pakamwa. Mawu anali atafika kale pammero. Koma kulira kuja kunkabwerabe, tsopano kosasa, kodukaduka, ngati mpweya ukutha.

Anaima mpaka madzi a mvula anayamba kutsikira m'khosi.

"Bwererani," anatero. "Mwana akulira."

Zaka zisanu ndi chimodzi zonse zija anali asanamutchulepo pusiyo choncho.

"Koma mumve. Akuti akapanda kulowa mwa anzake, kutchire akafa. Muzimusiyako pang'ono. Muzikhala chapatali, azikuonani, koma azigona ndi anzake. Mwamva?"

Panapita kanthawi. Kenaka mwala umodzi unagubuduka m'mbali mwa msewu, ndipo mapazi anayamba kubwerera kumtunda, pang'onopang'ono poyamba, kenaka mofulumira. Iwo anamvetsera mpaka anazimiririka. Anakhalabe pomwepo mpaka kulira kwakutali kuja kunasiya. Atatero anakonza lamba wa chikwama n'kuyenda okha ola lija la m'minda ya tiyi.

Anafika pa Luchenza mdima utagwa, atanyowa mpaka mkati. Ndinawaona akutsegula chitseko, ndinawapititsira tiyi. Nthochi ndi mtedza zija anandipatsa ine.

Kumapeto kwa Seputembala a Mulipa anaimba foni. Anati gulu lija analitsegulira kunkhalango yakutali, ndipo Kapitawo anatuluka m'bokosi pakati pa anzake, osati pambuyo. Anali atayamba kugona nawo kuyambira mu Julaye. Anthu amene amatsatira gululo masabata oyamba kuti aone mmene likukhalira anati onse khumi ndi mmodzi ali moyo. Anangodabwa ndi chinthu chimodzi, chakuti apusiwo akamasamuka mtengo kupita wina, wamphongo mmodzi amatsalira pang'ono n'kuyang'ana kumbuyo, ngati akudikira wina woyenda pansi amene sangathe kukwera.

Mayi Felesiya anathokoza, nafunsa dzina la nkhalangoyo. Atauzidwa, anapeza kuti ndi kutali kwambiri, kopanda msewu wa minibasi, ndipo anthu wamba saloledwa kulowamo. Sanafunsenso zina.

Akadali m'nyumba yomweyo mpaka lero, akalamba, maso ayamba kuchita khungu. Chaka chatha ana anga ankandiuza kuti tiwapezere munthu wogona nawo, chifukwa si bwino mayi wamkulu chonchija kukhala yekha. Ndinapita kukawafunsa. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakhomo, akusankha nyemba ndi zala, osaziona.

Ndinati, "Amayi, kodi simuopa kugona nokha m'nyumba yonseyi?"

Anasiya nyemba, natembenuzira nkhope kumene kunali mawu anga.

"Ndikanakonda ndikanamaopa, anzanga," anatero. "Munthu ukamaopa ndiye kuti m'nyumba muli wina."